Mapiritsi a M'thumba la Mbewu

Amuna anga anayamba kudwala nthawi imene minibasi zinachuluka pamsewu wa ku Liwonde, zipani nazo zitangochuluka kumene. Sanagone pansi ayi. Ankangodya pang'ono n'kunena kuti akhuta, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, ndipo lamba anayamba kumangira m'munsi mwa mimba. Kumanzere, pansi pa nthiti, kunali chinthu cholimba ngati chikho. Mwana akatupa kapamba timadziwa kuti ndi malungo. Koma munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kapamba amutupira chiyani?

Anthu ankabwera kudzazonda, ine n'kumawayang'ana m'maso. Zaka zimenezo munthu akangoonda pang'ono, pakamwa pa anthu pankatuluka mawu amodzi okha, matenda a masiku ano. Sankanena pamaso panga, koma ndinkawaona akutsinana potuluka. Ena ankabweretsa mizu, ena madzi opempherera. Ndinkalandira ndi manja awiri, iwo akapita n'kukataya kudzala. Ine mayi anga anandilera kuti chinthu cholowa m'kamwa, wopereka ayambe walawa. Thobwa, ndiwo, mankhwala, zonse. Wokana kulawa, ameneyo ali ndi mawu.

Kuchipatala chathu chaching'ono anatitumiza ku Zomba, a ku Zomba n'kutitumiza ku Blantyre. Kumeneko tinapeza adokotala achizimayi, msinkhu wake ngati mwana wanga wachiwiri. Anatenga magazi, anabaya ngakhale fupa la pachifuwa, ndipo tsiku lina anatikhazika pansi.

"Bambo, muli ndi khansa ya m'magazi."

"Si kachilombo?" anafunsa amuna anga.

"Si kachilombo. M'magazi muli asilikali oteteza thupi. Anuwa achuluka mopyola muyeso, ndipo ambiri ndi achabechabe. Adzaza m'kapamba, n'chifukwa chake watupa."

Ine ndinati, "Nanga asilikali akachuluka si ndiye bwino?"

Anamwetulira, nati awa ndi ongodya, sagwira ntchito. Anati matendawa sachizika, koma pali mapiritsi owachepetsa, munthu n'kumayenda, kumalima. Kenaka ananena zambiri motsatizana. Amwe tsiku lililonse osadumphitsa. Ameze lathunthu, osaphwanya, osatafuna. Musagawireko munthu wina aliyense. Ana asawafikire, wapakati asawakhudze. Thupi likatentha, kapena magazi akayamba kutuluka paliponse, thamangani. Ndipo muzikayezetsa magazi ku Zomba pa masiku amene akupatseni, chifukwa magaziwo ndiwo azitiuza chochita. Mawu omalizawo ndinawamva, koma ndinawayesa mawu otsanzikira chabe. Amene anakhazikika m'mutu mwanga ndi akuti osadumphitsa, poti amenewo ndinkawadziwa kale. Wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti mankhwala a kuchipatala muzimaliza onse, ndipo mchimwene wanga anamwalira ndi chifuwa chachikulu atasiyira mankhwala panjira.

Pawindo lolandirira mankhwala panali bambo wina wadazi. Ndinamuona bwinobwino. Mankhwala a anthu ena ankatapa msangamsanga akucheza, koma atafika pa athu anasiya nkhani, anavala magolovesi, n'kumatapa ndi kasupuni kuthira m'kabotolo kakuda.

"Lawani kaye limodzi," ndinatero.

"Mwati bwanji, agogo?"

"Kwathu wopereka amayamba walawa."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha pawindo. "Agogo, ndikalawa ine mawa mudzandipeza pabedi loyandikana ndi la madalawa. Awa si a mutu. Wopanda matendawa amamuwononga magazi. Inunso musayerekeze kulawa, ndipo powapatsa muzigwiritsa supuni, mukatero musambe m'manja."

"Ndiye chinthu choti inu mukuopa kuchigwira, amuna anga ameze?"

"Eya."

"Tsiku lililonse?"

"Eya, agogo. Wotsatira!"

Amuna anga anandikoka chitenje, nati ndikuwachititsa manyazi. M'basi yonse kabotolo kanali m'mpango pachifuwa, ndikuganiza kuti kodi ndanyamula mankhwala kapena chiphe. Mpaka lero ndikafunsidwa sindingayankhe ndi mawu amodzi.

Kunyumba mwana wanga wamkazi, amene anamanga pafupi ndi ife, anali ndi pakati, ndipo zidzukulu zinkalowa paliponse ngati nkhuku. Kabotoloko ndinakaika pamwamba pa khoma, pansi pa denga, poti ngakhale ine ndinkachita kukwera pampando. Supuni yake inali yakeyake, ndinaimanga kansanza kuti isasokonekere ndi zinzake. M'mawa woyamba ndinaika piritsi pasupuni. Amuna anga anapemphera, anameza, n'kumwera madzi. Tsiku lonselo ndinawalondalonda, ngakhale popita kuchimbudzi ndinkaima poteropo kumvetsera. Sanagwe.

Patapita milungu ingapo chikho chija chinayamba kufewa, kenaka kubwerera m'nthiti. Anayamba kumaliza chakudya n'kufunsa ngati chatsalako. Anakweranso njinga mpaka ku Songani, anthu otsinana aja n'kumangoti kukamwa yasa. Ine amene sindikhulupirira munthu, ndinayamba kukhulupirira kabotolo. Ndinkakatsitsa ngati mwana wakhanda.

Ku Zomba tinkapita monga anatiuzira. Amene ankationa kumeneko sanali adokotala a ku Blantyre aja, koma mnyamata wina wovala chikhoti choyera, wolankhula mofulumira, nsapato zake zonyezimira kwambiri. Nsapatozo sindinazikonde. Ankatenga magazi, ife n'kudikira pabenchi, masana n'kutiuza kuti pitirizani. Ulendo wina, mvula ili pafupi, anayang'ana zotsatira nthawi yaitali.

"Bambo, kuyambira lero musiye kumwa mankhwala aja."

"Atsalatu ambiri," ndinatero.

"Ndikudziwa, amayi. Asiye. Asilikali atsika mokwanira. Akapitiriza atsika mopitirira, ndipo pamenepo ndi pangozi. Otsalawo mudzabwere nawo ulendo wotsatira tidzakusungireni."

"Ku Blantyre anati osadumphitsa."

"Anatinso magazi ndiwo azitiuza. Lero atiuza."

"Akuuzani inu nokha?"

Anapumira m'mwamba, nati kunja kuli anthu ambiri. Tinatuluka.

M'minibasi ndinalephera kudzigwira. Ndinati kamnyamata kaja n'kakuba, kakufuna tikabwezere mapiritsi kuti kakagulitse kwa anthu a m'tauni, nsapato zija mukuyesa zimachokera kuti. Ndinalankhula kuyambira pa Naisi mpaka potsikira, amayi ena amene anakhala pambali panga akuvomereza kuti eee, achipatala a masiku ano ndi choncho. Amuna anga ankangoyang'ana pawindo. Iwo anali munthu wosachulutsa mawu, ndipo ndinayesa kuti sakumvetsera n'komwe.

Koma titafika, ndekha ndinayamba kusinkhasinkha. Bwanji ngati kamnyamatako kakunena zoona? Wadazi uja anavala magolovesi pa chifukwa. Nanga bwanji ngati kakunama, chikho chija n'kubwerera? Uku wailesi ikuti malizani, uku chipatala chomwecho chikuti siyani. Amene anapereka ali kutali, amene akuletsa si amene anapereka. Ndinazungulira nazo mpaka mutu kuwawa. Potsiriza ndinagwira pakati: sindiwapatsa, komanso sindibweza. Ndiyambe ndaona. Mimba ikangoyamba kutupa, mankhwala ndili nawo.

M'mawa mwake amuna anga anakhala pampando wawo wa masiku onse, kapu ya madzi ili m'manja.

"Lero kulibe," ndinatero.

"Kulibe bwanji?"

"Si munamva nokha dzulo?"

Anandiyang'ana, anayang'ana pamwamba pa khoma, pali pambalambanda. Anamwa madziwo n'kutuluka. Kabotolo ndinali nditakachotsa iwo ali kosamba, chifukwa pakhoma paja ankapadziwa, ndipo ndinkawadziwa kuti chinthu chimene anayamba sasiyira panjira. Ndinakakwirira pansi penipeni m'thumba la mbewu ya mpunga, limene linali lomanga, lopachikidwa kuchipinda chosungira katundu kuopa makoswe. Sindinawauze. Ndinazolowera kuti chinthu ukabisa suuza munthu, apo ayi sunabise.

Chimene sindinachiganize n'chakuti mbewu ili ndi nthawi yake. Posakhalitsa amuna anga anatsitsa thumba lija kuti anyike mbewu yofesa panazale. Nditamva, ndinathamangirako iwo atachoka. Mbewu yotsala inali momwemo, ndinapisa dzanja mpaka pansi, kabotolo kalipo. Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu, kakulira. Sindinatsegule, poti ndinkaopa kutsegulatsegula chinthu chimenecho popanda chifukwa. Ndinati hii, sanakaone.

Tsiku lokayezetsa magazi litafika, iwo anakana. Anati madzi alowa m'ngalande, puloti sinakonzedwe, ndipo munthu woti sakumwa mankhwala akamuyeza chiyani. Ine ndinaona kuti n'zomveka. Komanso sindinkafuna kukaonana ndi wansapato uja n'kuyamba kundifunsa za otsala. Sitinapite.

Choyamba chimene ndinaona ndi mswachi wawo. Anautaya kuseri kwa bafa uli wofiira. Ndinafunsa, anati wandilasa nkhama. Kenaka tsiku lina akukwinya buluku kuti alowe m'matope, ndinaona mabala akuda m'miyendo ndi m'ntchafu, ngati munthu wamenyedwa ndi chibonga, ndiponso timadontho tofiira tambirimbiri m'misongolo.

"Wakumenyani ndani?"

"Palibe."

"Nanga izi?"

"Kaya. Ndimangodzuka zilipo."

Mabala ongodzuka nawo, kwathu kuno timadziwa chimene anthu amanena. Maganizo anga anathamangira kwa bambo wa puloti yoyandikana ndi yathu, amene tinakanganapo naye chifukwa chotseka madzi. Ndinayamba kumuyang'anitsitsa, moni wake osayankha. Adokotala a ku Blantyre anali atanena za magazi otuluka, inde, koma ine ndinkati zimenezo n'za munthu amene akumwa mankhwala. Awa anasiya kalekale, kabotolo ndikukagwedeza ndekha. Ndiye mankhwala alowapo bwanji? Mwinanso, ndinkatero mumtima, ndi matenda aja akubwerera chifukwa tinamvera wakuba. Tsiku lina ndinafika pogwira thumba kuti nditulutse kabotolo ndiyambirenso kuwapatsa. Ndinagwira mimba yawo kaye, ili yofewa, ndinabweza dzanja.

Tinali pakati powokera pamene kamfuno anayamba. Anawerama kuti abzale, magazi n'kudontha m'madzi. Anakhala pamzere wa dothi, tinawatsina mphuno, tinawathira madzi pamutu, magazi osaleka. Milomo inayera, thupi likutentha ngati mbaula. Amene anawanyamula panjinga mpaka kumsewu ndi bambo wa puloti yoyandikana uja, ine ndikuthamanga pambuyo ndi matope mpaka m'mawondo, ndikudabwa kuti kodi ameneyu akuthandiza kapena akufuna aone mapeto a ntchito yake. Ndinapatukira kunyumba kukatenga kabotolo, poti ndinati lero ndikamuonetsa wansapato uja chimene wachita.

Ku Zomba anawagoneka, anawatseka mphuno ndi thonje, anatenga magazi. Mnyamata uja anabwera akuyenda mofulumira kuposa masiku onse, nkhope itasintha.

"Amayi, munasowa kuti? Ndipo mankhwala aja anasiyadi?"

"Tsiku lomwelo."

"Magaziwa sakutero. Atsala pang'ono kutheratu, abwino ndi oipa omwe. Ngakhale tinthu timene timaumitsa magazi pabala mulibe."

"Ndiye mwayambanso kunena kuti ndikunama? Si awa!"

Ndinamasula mpango n'kumupatsa kabotolo. Anatsegula, anasuzumira, n'kukhuthulira papepala. Munatuluka khobwe. Khobwe wouma, wa m'munda mwanga momwe.

Ndinayang'ana manja ake, ndinayang'ana m'matumba a chikhoti chake. Ndinali pafupi kukuwa kuti wasinthanitsa ndikuona, pamene amuna anga analankhula ali chigonere, mawu akutulukira m'kamwa chifukwa cha thonje lija.

"Musamunamizire mwana wa eni. Ndinathira ndine."

Anati anakapeza tsiku lonyika mbewu. Mapiritsi anawakulunga m'kapepala n'kuika m'thumba la jekete la kutchalitchi, ndipo ankameza limodzi m'mawa uliwonse popita kudimba, ndi manja awo, mpaka anatha. Nditamva za jeketelo ndinakumbukira kuti thumba limenelo ndi limene zidzukulu zinkapisamo Lamulungu kufuna masiwiti, ndipo wochapa jeketelo anali mwana wanga wapakati uja. Mulungu yekha ndiye anatchinga.

Mnyamata uja sanakalipe. Anangoti afunika magazi msanga, tiitane achibale, n'kuchoka. Ndinatsala nawo awiri.

"Bambo, mwachitiranji zimenezi?"

"Nanga inu munabisiranji?"

"Anati musiye! Munali pomwepo!"

"Anatero ndani? Si yemwe uja inu munati ndi wakuba, kuyambira pa Naisi mpaka kwathu, minibasi yonse ikumva?"



"Dzulo lake mukuti ndi wakuba," anapitiriza, "m'mawa mwake mukumumvera. Ine ndiziti chiyani? Kenaka ndikupeza mankhwala anga ali m'mbewu, ngati chithumwa. Ndinati basi, mayiwa atopa nane. Mkamwini akadwalitsa pamudzi pa eni amalemera."

"Ine? Kutopa nanu ine?"

"Ndimati mwina abale anu akuuzani."

Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, ine ndinali wokayikira, iwo wokhulupirira. Anthu ankatiseka nazo. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wokayikiridwa n'kukhala ine, ndiponso ndi munthu amene ndinkamutsatira mpaka kuchimbudzi kuopa kuti angagwe. Ndinafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Ndinafuna kulira, koma pabedi loyandikana panali amayi ena akutiyang'ana, ndipo sindinawadziwe. Ndinangowakonzera thonje lija.

Anakhala m'chipatala nthawi yaitali, ine ndikugona pansi pambali pa bedi, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, poto wanga osamusiya ndi munthu. Mwana wa mlongo wawo anabwera kudzapereka magazi, ndipo ndinaumirira kuona thumba lake ndi maso anga lisanapachikidwe, ngakhale matumba onse amafanana. Panali masiku ena amene mnyamata uja sankandiyang'ana kumaso, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake. Anandiuza kuti mankhwala amenewa amapitiriza kugwira ntchito m'thupi ngakhale munthu atasiya kumwa, ndiye tingodikira kuti mafupa ayambenso kupanga magazi. Mafupa kupanga magazi! Chimenechonso chinali chachilendo, koma ndinali nditatopa kufunsa. Mpunga wathu anamaliza kuwokera ndi a kumpingo, mochedwa, ndipo chaka chimenecho tinakolola wochepa.

Anatuluka akuyenda okha, ataonda ngati bango. Kuyezetsa sitinadumphenso, kaya kugwe mvula kaya kukhale maliro. Miyezi inapita osamwa kanthu, ali bwinobwino. Ndinayamba kuganiza kuti mwina matenda aja anatuluka ndi kamfuno uja. Ndiye tsiku lina, titakolola kale, mnyamata uja anayang'ana zotsatira nati:

"Asilikali ayambanso kukwera. Ndalankhula ndi a ku Blantyre. Ayambirenso kumwa, koma pang'ono kusiyana ndi kale."

"Omwe aja?"

"Omwe aja."

"Amene anatsala pang'ono kuwapha?"

"Amenenso anawadzutsa, amayi. Chimanga mumapatulira, eti? Koma mukapitiriza kuzula osaleka, mutsala ndi munda?"

"Chimanga ndimachiona ndi maso. Izi mukuona nokha."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati nditsateni. Ananditengera kuchipinda choyezera magazi, n'kundiimika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anati nditseke diso limodzi. Ndinasuzumira. Ndinaona kuwala kozungulira, ndi nsidze zanga zomwe zikuphethira, kenaka timadontho tofiirira ndi tina tobiriwira ngati nsalu yosuluka.

"Mwawaona? Akudawo ndi amene achulukawo."

"Ndawaona."

Kunena zoona sindinadziwe chimene ndinaona. Akanatha kundionetsa magazi a mbuzi. Koma wakuba sakulowetsa m'chipinda mwake, ndinaganiza choncho, kenaka ndinaganizanso kuti wakuba wochenjera akhoza kutero. Ndinatuluka ndi maganizo onse awiri.

Kabotolo katsopano ndinalandira ndine. Tili pabenchi panja kudikira kuti dzuwa lipepe, amuna anga anatambasula dzanja.

"Ndisunge ndine."

"Inu? Mukathiremonso khobwe?"

"Nanga inu, mukakwirirenso?"

Tinayang'anana. Potsiriza tinapangana kuti kazikhala m'bokosi lathabwa lokhoma, bokosi kumutu kwa bedi lawo, kiyi m'chiuno mwanga. Potsegula tizikhala tonse awiri, ndipo akadzati siyani, tidzabweze otsalawo tsiku lomwelo, tonse awiri, ndisanayambe kuganiza.

M'mawa mwake ndinatsegula bokosi iwo akuona, ndinaika piritsi pasupuni. Anayang'ana piritsilo, anayang'ana ine.

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Ayi," ndinatero. "Yasamulani."